Chibokosi cha makadi obowola, ndi cha kompyuta zakale?

Wa ku Manchester: Akuluakulu ndithandizeni, ndagula chibokosi chachitsulo cholemera kwa munthu amene amachotsa katundu m'nyumba ya malemu bambo ake, akuti ndi chida choyezera ma valve (timababu tagalasi tomwe tinkayendetsa zipangizo zamagetsi ma transistor asanabwere) a kompyuta zakale. Pepala la dzina linamatuka. Pamwamba pali masoketi ambirimbiri, kampata kolowetsamo khadi, chogwirira chokokera ndi kagalasi kozungulira, makadi obowolabowola aliponso m'kabokosi kake. Ine ndimaganiza za makadi obowola a kompyuta za kampani ya IBM.

Madala a mawailesi: Mwana wanga gwira khadi limodzi undiuze, ndi pepala lopindika kapena chinthu cholimba? A IBM anali apepala, mizere 80, timabowo ta makona anayi. Nanga pali mita ya muvi?

Wa ku Manchester: Ndi olimba madala, a bulawuni, mabowo ozungulira. Muvi palibe, kagalasi kokha kali ndi mitundu pambali pake, wofiira ndi wobiriwira.

Madala a mawailesi: Basi ameneyo ndi Mullard High Speed Valve Tester wa m'ma 1950. Kagalasiko ndi CRT yaing'ono, ngati sikirini ya TV zakale, kadontho kakakwera kufika pobiriwira valve ili bwino, kakatsalira pofiira yatha. Khadilo siwerenga deta ayi, mabowo aja amangosankha ma contact oti agundane, ndiye heater, anode ndi grid, zomwe ndi ziwalo za m'kati mwa valve, zimalandira magetsi oyenera valve imeneyo popanda iwe kupotokola kanthu. Ankapangira mashopu okonza wailesi ndi TV, si za kompyuta.

Wa ku Joni: Ndimati ndinene Hickok Cardmatic ya ku Cleveland poti nayonso ndi yamakadi, koma ija ili ndi mita ya muvi, madala alondola. Komabe achimwene musakhumudwe, kompyuta ya Baby ya 1948 kwanu komweko ku Manchester inali ndi ma valve a mtundu wa EF50, ndiye fufuzani ngati khadi lake lilimo. Kungoti chidachi chimangonena kuti yabwino kapena yakufa, mukafuna manambala enieni a mA/V, osonyeza mphamvu ya valve, mupeze choyezera cha kampani ya AVO.

Madala a mawailesi: Chonde usalumikize kumagetsi lero lomwe, ma capacitor, tizida tosunga magetsi m'katimo, agona zaka zambiri ndipo muli mavoti mazanamazana oti nkupha munthu. Yamba wayang'ana chingwe ndi earth, kenako dzutsa pang'onopang'ono ndi variac (chida chokwezera mavoti pang'onopang'ono) kapena babu la filament pa series.

Wa ku Manchester: Zikomo kwambiri madala, variac ndibwereka Loweruka, panopa ndikuwerenga makadi ndione amene akusowa.