Manifodi ya Nissan 1400 yang'aluka, ndiike bulanchi yanji?

Wa pa Mpondasi:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Nissan 1400 imene anandisiyira malemu bambo, injini yake ndi A14 yomwe ija, sinatsitsidwepo. Manifodi ya ekizozi yang'aluka pakati, ndawotcheretsa kawiri koma sipatha sabata ziwiri yayambanso kuti tchetchetche ndikailiza m'mawa. Ndaganiza zongoika bulanchi (mapaipi otulutsa utsi olowa m'malo mwa manifodi), koma ena akuti 4-1 ena 4-2-1 ndiye ndabalalika. Galimotoyi ndimatengera usipa ku Makawa kupita nawo ku Namwera.

Makanika wa ku Namiasi:
Achimwene ngati ntchito yake ndi imeneyo tengani 4-2-1 basi. Imaphatikiza paipi 1 ndi 4, 2 ndi 3, kenako ziwirizo nkukumana kukhala imodzi, ndiye mphamvu imabwera ma revi akadali pansi, ndipo ndi zimene mukufuna pokwera Chowe matumba ali tho kumbuyo. 4-1, yomwe mapaipi onse anayi amakumana pamodzi, imadzuka injini ikalira kwambiri, ndi ya othamangitsa. Komanso musatengeke ndi mapaipi onenepa, pa kainjini kameneka mamilimita 32 kapena 35 akwana, mukapitirira apo izikhala yaulesi ponyamuka.

Che Madala aku Malindi:
Mwanangu zimene wanena mnzakoyo nzoona koma waiwala moto. Pa A14 kabuleta ndi ekizozi zili mbali imodzi, ndipo paipi ya bulanchi, poti chitsulo chake nchopyapyala, imalavula kutentha kuposa chitsulo chakale chija. Yanga ndinaika osatchinga, mu Okutobala ndinaima pang'ono kutsidya kwa Bakili Muluzi Bridge kugula madzi, pobwera kukana kulira, petulo atawira mu kabuleta, mpaka ndinanyowetsa chiguduli nkuphimba pampu ndikudikira. Udule kachidutswa ka lata uike pakati pa bulanchi ndi kabuleta ngati chotchinga, paipi ya petulo uyidutsitse patali. Galimotoyo uisunge bwino, anasiya kupanga mu 2008.

Makanika wa ku Namiasi:
Eya madala mwakumbutsa. China ndi fulanji, chitsulo chafulati chomangirira ku injini. Manifodi ya ekizozi ndi ya inileti zimagwidwa ndi mawashala amodzi, ndiye fulanji ya bulanchi ikapyapyala kuposa ya inileti washala amapendama, gasiketi nkupsa. Muyeze musanalipire, makamaka ngati mukuitanitsa ku Joni.

Wa pa Mpondasi:
Zikomo kwambiri, za fulanjizo sindikanaziganiza nkomwe. Che Makanika ndibwera nayo Loweruka tidzayezere limodzi, gasiketi yatsopano ndagula kale.