Chitukuko cha Kwathu ku Limbuli: za chipinda chowerengera

A Mlembi: Abale ndi alongo, lipoti la komiti lonena zomanga chipinda chowerengera (laibulale) ndi ndalama zomwe tinasonkha ndaponya kale pagulu pano. Ndi masamba anayi. Chonde liwerengeni lonse tisanavote Loweruka.

Bambo Muhiwa (Joni): Ine ndakana. Laibulale ya chiyani pomwe anthu akumwa madzi a mu Ruo? Ndalamazi tikumbire mjigo basi.

Mayi Namacha: Achimwene, lipotilo mwaliwerenga?

Bambo Muhiwa: Ndaona mutu ndi ndime yoyamba. Kuno timaweruka usiku, achemwali.

A Mlembi: Za mjigo zili pa tsamba lachitatu. A komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) anapititsa kale pempho ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) kuti mjigowo ulowe mu ndalama za thumba la chitukuko cha dera la phungu (CDF), n'chifukwa chake komiti inati tisathire ndalama pawiri pa chinthu chimodzi. Lipotili ndalemba masiku atatu, foni ndikukatchajitsa kumsika. Zimandiwawa kuona munthu akuyankha pasanathe mphindi ziwiri, ena asanu n'kumutsatira ndi "zoona, zoona" asanalitsegule n'komwe.

Mayi Namacha: Ndiloleni nditalikitseko, ndipo muwerenge mpaka pansi. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 8. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, mabuku omwe tinkasunga m'kabati tinawapeza ali matope okhaokha. Tinawayanika pa kapinga, koma masamba anamatana, ukati utsegule n'kung'ambika. Mpaka lero ana amaunjikana pa buku limodzi, wina akuliona chozondoka. Kuyambira 1994, sukulu itakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi koma mabuku sanachuluke nawo. Tsono mwana wosazolowera kukhala pansi ndi nkhani yaitali, akafika pa mayeso a MANEB amawerenga funso theka n'kuyamba kulemba. Ndikachonga mayeso oyeserera mtima umandipweteka: yankho labwinobwino, koma la funso lina. Ndi zomwe zachitikanso muno lero, ndipo ife ndi makolo awo.

Agogo Likhutcha: Mwanena bwino mwanangu. Ife tikuthyola tiyi ku esiteti, nyuzi imodzi ya Boma Lathu inkazungulira mudzi wonse mpaka kuthetheka. Madzulo mmodzi ankawerenga mokweza, enafe zii, maganizo pambuyo iye akamaliza. Ngakhale pabwalo la amfumu, wolankhula samudula pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chisomo: Pepani akuluakulu, ine ndiwaikireko kumbuyo a malume a ku Joni. Masamba anayi a PDF pa kafoni kong'aluka galasi ndi chintchito, komanso bandulo imatha. Amayi anga anasonkha nawo, koma maso anawavuta. Iwowo tiziti sanafune kuwerenga? Bwanji pamwamba pazikhala mizere isanu ya mfundo zikuluzikulu?

A Mlembi: Mizere isanu ndilemba, koma ndikuopa kuti anthu azithera pomwepo. Mitengo ya malata, simenti ndi sola singakwane m'mizere isanu, ndipo mawa ndi yomweyo idzatiyambanitse.

A Tcheya: Tichite chonchi. Chisomo, uwerenge lipoti lonse pa voice note, tsamba lililonse payokha, kuti amayi ako ndi ena amve. Wotsutsa azitchula tsamba lomwe akutsutsalo. Voti tiyisunthire Loweruka linalo.

Bambo Muhiwa: Ndawerenga lonse tsopano pa nthawi ya nkhomaliro. A Mlembi, mundikhululukire, za mjigo ndamva. Koma tsamba lachinayi silinandikhutitse. Mwati chipindacho azisamalira anthu ongodzipereka. Nyengo yothyola tiyi ikafika, aliyense ali kumunda, adzatsegule ndani? Nanga chiswe ndi chinyontho cha kwathu kuja, mashelefu athabwa adzalimba?

Mayi Namacha: Funso limenelo nanenso linandivuta. Ine ndikhoza kumatsegula Lachitatu ndi Loweruka masana. Masiku enawo ndilibe yankho.

A Mlembi: Ndalilemba, likhala loyamba pa msonkhano wa komiti. Za mashelefu ndikafunsa mtengo wa achitsulo kwa owotcherera ku Chitakale mawa.