Nyumba ya ku Area 49

Malume (Area 25): Abale anga, dzulo ndinaperekeza mwana wathu ku banki. Atiuza mosabisa kuti kulekana kwa iye ndi mwamuna wake sikusintha kanthu pa ngongole ya nyumba, chifukwa onse awiri anasainira ndipo nyumbayo ndi chikole. Bambo a ana sanalipire mbali yawo kwa miyezi iwiri, kotero patsalira K900,000. Tikazengereza atilembera kalata ya chenjezo, ndipo nthawi ya m'kalatamo ikatha ali ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo.

Mayi Aakulu (Kawale): Achimwene, ine mawu anga ndi amodzi, mwanayu asatuluke m'nyumba imene ija. Mpanda wonse uja anamanga ndi ndalama za kaunjika wake pamene ena anali kumene anali.

Nkhoswe: Ndakumana ndi ankhoswe akuchimuna. Iwo akufuna kuti nyumba igulitsidwe, banki itenge zake, ndipo zotsalazo awiriwa agawane pakati.

Mayi Aakulu (Kawale): Agawane pakati chifukwa chiyani? Mwanayu asatuluke.

Msuweni (Blantyre): Mayi, kagawidwe sikatengera zofuna za mbali imodzi. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti ukwati ukatha, mkazi ayenera kulandira mwachilungamo gawo la katundu amene anali wa onse awiri, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuona zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo ndi kulera ana. Malisiti a simenti, njerwa ndi amisiri a mpanda uja asungidwe bwino. Ngati loya watidulira, tipite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Koma banki sidzadikira kuti mlandu uthe, ndipo ikagulitsa yokha mtengo umakhala wotsika.

Malume (Area 25): N'chifukwa chake tinagwirizana kuti nyumba zisanu ndi imodzi zisonkhe K150,000 iliyonse. Zimene zafika pa Airtel Money yanga ndi za ku Blantyre, za ankhoswe ndi zanga.

Mlamu (Likuni): Amalume, ife tinapereka kawiri pa chiliza cha agogo, ndipo mpaka lero sitinamve mmene ndalamazo zinayendera.

Mayi Aakulu (Kawale): Amene anasunga ndalama za chiliza ali pa gulu pomwe pano, ndipo mauthenga akuwerenga. Kuchokera pamene anabwerera ku Joni sitinamve ngakhale moni wawo.

Malume (Area 25): Za chiliza tidzakamba tsiku lake. Achemwali, za ku Kawale nazonso sizinafike.

Mayi Aakulu (Kawale): Ndidzapereka ndikatsimikiza kuti sindikulipirira ngongole munthu amene mawa adzabwere ndi mkazi wina kudzatenga makiyi.

Msuweni (Blantyre): Nkhawa imeneyo ndi yomveka. Ndalama iliyonse imene tipereke ilowe mwachindunji pa akaunti ya ngongoleyo, ndipo ankhoswe a mbali zonse asainire pepala lonena kuti idzachotsedwa pa gawo la bambo a ana.

Mwini Nkhani: Makolo anga, ndathokoza. Ndinafunsa ku banki ngati ndingatenge ngongoleyi ndekha kuti dzina lawo lichoke, koma ataona malipiro anga anati sakukwanira. Ndikuganiza zoikamo munthu wa lendi, ine ndi ana tikhale kaye m'kanyumba ka kuseri, kuti lendiyo izithandiza kulipira kufikira khoti litagamula.

Nkhoswe: Zimenezo zikufunika kuti akuchimuna avomere, komanso tifunse ngati pangano la ngongole likulola.

Mayi Aakulu (Kawale): Mwini nyumba akagone kuseri, mlendo m'chipinda chake? Ine ndakana.

Malume (Area 25): Tikumane kwathu Loweruka 2 koloko masana. Mwana wathu abwere ndi pangano la ngongole, sitetimenti ya banki ndi malisiti onse. Alamu a ku Likuni, kodi ndiyembekezere zanu lisanafike Lachisanu?

Mlamu (Likuni): Titumiza theka, amalume. Linalo lidikire mwezi ukatha.