Mouton Rothschild inakwera bwanji kufika gulu loyamba?

Nabanda_M: Akuluakulu, pa mabotolo ena a vinyo wofiira wa ku Bordeaux, ku France, amalembapo chaka cha 1855. Ndamva kuti Château Mouton Rothschild, munda wa mphesa wa kumeneko, poyamba inali m'gulu lachiwiri pa mndandanda wa chakacho. Inakwera bwanji? Nanga gululo limatengera dothi kapena dzina?

Mkolamphesa: Mayi, mndandanda wa 1855 unakonzedwa chifukwa cha chionetsero chachikulu cha ku Paris, pa nthawi ya Napoleon III, mfumu ya France. Amene anaulemba ndi amalonda ogulitsa vinyo, ndipo anayang'ana mitengo imene vinyo aliyense ankagulidwa kwa zaka zambiri. Sanakumbe dothi ayi. Anapanga magulu asanu, ndipo loyamba munali minda inayi yokha: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion.

Mouton, ya ku dera la Pauillac, inali itangogulidwa ndi Nathaniel de Rothschild mu 1853, ndipo inaikidwa pamwamba pa gulu lachiwiri. Baron Philippe de Rothschild atatenga udindo mu 1922 sanagone nazo. Mu 1924 anayamba kuthira vinyo yense m'mabotolo pamunda pomwepo m'malo mogulitsa migolo kwa amalonda, kuti pasakhale wosakaniza. Anakakamira mpaka 1973, pamene boma linavomera kuikweza kufika gulu loyamba, nduna ya zaulimi ali Jacques Chirac. Palibe munda wina umene unakwezedwapo chonchi.

Gululo limatsata dzina. Mwini akagula munda wina m'dera lomwelo, mphesa zake zikhoza kulowa m'vinyo wa dzina lomwe lija.

Chisale_wa_mbande: Zoona achimwene, koma mitengo ya vinyo ija sinkakwera pachabe. Minda ya Mouton, pafupifupi mahekitala 90, ili pa timitunda ta nsangalabwi pafupi ndi mtsinje wa Gironde. Miyalayo imataya madzi msanga ndipo imasunga kutentha, zimene Cabernet Sauvignon, mtundu wa mphesa, amafuna poti amachedwa kupsa. Mukamubzala pa dothi lamakande losunga madzi, mphesa zimakololedwa zisanakhwime bwino ndipo vinyo amanunkha ngati tsabola wamkulu wobiriwira. Pamalo oterowo amabzala mtundu wina wotchedwa Merlot.

Amabzala mothithikana, mitengo pafupifupi 10,000 pa hekitala, kuti uliwonse ubereke zochepa. Podulira amasiya nthambi ziwiri, imodzi uku ina uku, n'kuzimangirira pa waya. Ndipo mtengo uliwonse ndi womezanitsa pa tsinde la mpesa wa ku America, chifukwa kachirombo ka phylloxera kanawononga mizu ya mipesa ya ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Mdani wina ndi nguwi ya pamasamba mvula ikachuluka. Mankhwala a kopa osakaniza ndi laimu, aja otchedwa Bordeaux mixture, anachokera m'minda ya dera lomweli m'ma 1880. Kupopera nguwi italowa kale n'kutaya ndalama, mankhwalawa amangoteteza.

Mkolamphesa: Ndiwonjezeko za mosungira. Vinyo amakhala m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225 kwa chaka ndi theka kapena kupitirirako. Migolo imamwa, choncho amathiramo wina pafupipafupi. Mukasiya mpata, mpweya umalowa ndipo vinyo amayamba kusasa. Miyezi itatu iliyonse amamukhuthulira mu mgolo wina kusiya nsenga pansi. Pomuyeretsa, mwambo wa kumeneko ndi kuthira zoyera za mazira pafupifupi asanu pa mgolo. Vinyo wosafika pa mlingo salowa m'mabotolo a dzina lalikulu lija, amagulitsidwa pa dzina la Le Petit Mouton.