Tikupita ku Zanzibar mwezi wamawa, tithandizeni za kavalidwe ndi malamulo akumeneko

Nangondo_K
Abale muli bwanji. Ine ndi amuna anga tikupita ku Zanzibar mwezi wamawa, holide yathu yoyamba chikwatiraneni, nde ndamva zambiri mutu wanga wabalalika, ena akuti mzimayi ukavala kabudula amakugwira, ena akuti bodza limenelo azungu amangoyenda ndi mabikini palibe amawayankhula. Zoona zake ndi ziti? Komanso ya inshuransi ija akuti umalipira usanalowe, ife tili nayo kale yathu, ndiye tilipirenso? Chomwe sindikufuna ndi kukawalakwira eni ake mosadziwa. Amene munapitako tiuzeni.

Mayi a Tiya
Asisi onse awiriwo akunena zoona, kungoti akukamba malo osiyana. Kugombe la hotela yanu valani zosambira palibe vuto, koma mukangotuluka pageti mwalowa m'mudzi mwa anthu ndipo anthuwo pafupifupi onse ndi Asilamu. Mu 2021 boma lakumeneko linalengeza kuti alendo pagulu azivala zobisa thupi kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, ophwanya pali chindapusa, ndipo izi zikukhudza abambo omwe, osayenda chifuwa pamtunda mu Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, ngati ali kubafa. Kaya amagwiradi anthu tsiku lililonse kaya ayi, kwa ine nkhani si yapolisi, nkhani ndi maso a amayi akuluakulu okhala pakhomo mukamadutsa.

Ine ulendo woyamba ndinachoka kugombe ku Nungwi kukagula madzi pakagolosale kapafupi nditavala kadilesi kopanda manja, mayi wogulitsayo sanandikalipire, anangolowa mkati nkutuluka ndi kanga, chitenje chawo chija chokhala ndi mawu m'munsi, nkundifunditsa m'mapewa mwakachetechete kenako nkundipatsa chenji changa. Ndinamubwezera mawa lake ndipo mpaka pano ndimamukumbukira. Ndiye ikani chitenje chimodzi m'chikwama nthawi zonse basi mwathana nazo. China, popeza ndi holide ya awiri, zokisana ndi kukumbatirana pamsewu zisungeni kuchipinda, kumeneko sizioneka bwino olo muli pabanja.

Kalulu265
Ya inshuransiyo lipirani mayi, sakuonera kuti muli nayo ina. Inayamba pa 1 October 2024, poyambapo inali madola 44 munthu mmodzi, imagwira mpaka masiku 92 ndipo imagulidwa ku Zanzibar Insurance Corporation kokha. Gulirani pa intaneti musananyamuke musunge QR code pafoni komanso papepala, foni imatha moto nthawi yolakwika.

Pasipoti ikhale pafupi olo mukuchokera ku Dar es Salaam pa boti lija la maola awiri, inde ndi Tanzania yomweyo koma Zanzibar ili ndi boma lake nde pofika amakuonaninso mapepala. Majumbo apulasitiki musatenge, analetsedwa Tanzania yonse kuyambira 1 June 2019. Achimwenewo ngati akufuna kubwereka galimoto kapena njinga yamoto laisensi yokha sikwanira, pamafunika kapemiti kakumeneko, obwereketsawo amakonza okha koma onetsetsani kuti mwakagwira m'manja chifukwa maroadblock ndi ambiri. Droni osaulutsa opanda chilolezo, maofesi aboma ndi malo a asilikali osajambula. Zigoba za nkhono ndi makorali zisiyeni pomwe mwazipeza olo wina akugulitseni motchipa, pabwalo la ndege zitha kukuvutitsani.

Che Amina
Ndionjezepo mbali yathu. Yang'anani kalendala ngati ulendo wanu sukugwera mu Ramadan chifukwa mweziwu umasuntha chaka ndi chaka. Ukagweramo, masana musadye, kumwa kapena kusuta pamsewu anthu akufunga (akusala kudya), malesitilanti ambiri am'tauni amatseka mpaka dzuwa kulowa koma kuhotela mudya bwinobwino. Mumzikiti musangolowa chifukwa chitseko chili chotsegula, funsani kaye, yambiri salola amene si Msilamu, akakulolani nsapato panja ndipo inu asisi mpango kumutu. Lachisanu masana mashopu ena amatseka anthu apita kukaswali, musadabwe.

Koma chachikulu chomwe alendo amaphonya ndi moni. Anthu aja moni amautenga ngati chinthu chenicheni, sungangofika nkuti ichi ndi zingati. Wamkulu mumati shikamoo iye ayankha marahaba, pakhomo la munthu mumati hodi nkudikira akuuzeni karibu, ndipo kupereka ndalama, kulandira, kudya, zonse dzanja lamanja. Mowa ulipo m'mahotela ndi m'mabala koma kuyenda ndi botolo m'tinjira ta Stone Town ayi ndithu, tinjira timene tija ndi pakhomo pa anthu, ana akusewera pomwepo.

Mayi a Tiya
Zoona Che Amina. Ndayiwalanso za zithunzi, zimandipweteka kwambiri. Ku Paje ndi ku Jambiani madzi akaphwera nyanja imabwerera kutali ndithu nde mumaona azimayi atakhala m'madzi ofika m'mawondo akumangirira ndere zawo zija amati mwani pazingwe zokhomedwa ndi tizikhomo, umenewo ndi munda wawo, ndi pomwe amapezera ya fizi. Ndiye umaona mlendo akuponda zingwezo kuti ayandikire nkumulozetsa mayi kamera kumaso osapereka ndi moni womwe. Funsani, akakana ikani foni m'thumba, ana osawajambula makolo asanavomere.

Ndipo mukapite ku tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini, chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Pansi pa nyumba ina yapafupi pali tizipinda tamdima denga lake lotsika, ine ndinatuluka ndikulira. Kumeneko chonde musamakajambule zomwetulira.

Nangondo_K
Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni, ndakopera zonse ndawatumizira amuna anga. Ramadan taona sitikugweramo, inshuransi tigula usiku uno. Kafunso komaliza, tikufuna kukaona anyani ofiira aja ku Jozani, ndiwatengere nthochi?

Kalulu265
Ayi musatenge, kuwadyetsa ndi kuwagwira nkoletsedwa, ndi paki yaboma ndipo mumayenda ndi gaidi. Anyani amene aja kulibenso kwina padziko kupatula ku Zanzibar konko, ndipo matenda athu ngati chimfine timatha kuwapatsira nde imani pataliko ndithu. Pitani mammawa kusanatenthe, amakhala m'mitengo yam'munsi pafupi ndi njira muwaona bwinobwino.