Pulani ya zaka zisanu yolembedwa ndi ChatGPT: tipite nayo kubanki?

Manijala wa kopaletivu, Mchinji:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha kuti tithandizane nzeru. Komiti ya kopaletivu yathu, yomwe imagula soya ndi mtedza kwa mamembala, yandiuza kuti ndikonze pulani ya zaka zisanu yosonyeza choyenera kuyamba pakati pa kugula makina oyengera mafuta ophikira ndi kumanga nyumba yosungiramo mbewu. Ndinafotokozera ChatGPT, pulogalamu ya pakompyuta ya nzeru zopangidwa (AI) imene imayankha mafunso ndi kulemba zikalata, mmene timagwirira ntchito, ndipo inandilembera chikalata chooneka bwino chonena kuti makinawo adzabweza ndalama zake m'zaka ziwiri. A tcheyamani achikonda kwambiri moti akufuna kuti tipite nacho kubanki sabata yamawa, koma ine mtima sukukhala m'malo chifukwa ndaona kuti ngongole yawerengedwa pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti. Kodi ndichitaye chonse, kapena pali njira yochikonzera?

Wowerengera ndalama, Lilongwe:
Bambo, mwachita bwino kukayika. M'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo, choncho 12 peresentiyo ndi ya dziko lina. Onaninso ngati chikalatacho chaganizira za kwacha, yomwe inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Makina oyengera mafuta pamodzi ndi zipangizo zake zosinthira amachokera kunja, kotero mtengo wake umatsatira dola, pamene inu mudzagulitsa mafuta anu m'makwacha kwa anthu amene malipiro awo sakwera msanga.

Cholakwika chinali kupempha ChatGPT kuti ikulembereni pulani musanaipatse manambala anu, chifukwa pamene palibe nambala imadziikira yokha ndipo sichenjeza. Tengani mabuku anu a zaka zitatu zapitazi, muipatse matani omwe munagula chaka chilichonse, mitengo yogulira ndi yogulitsira, komanso ndalama za thiransipoti, kenako muiuze kuti iwerengere njira zitatu: kwacha itakhazikika, itagwa pang'ono, ndiponso itagwa ngati mu 2023. Masamu enieniwo muwachite nokha mu Excel (pulogalamu yowerengera masamu pakompyuta), pakuti ndaonapo ChatGPT ikuphonya kuchulukitsa koma n'kupereka yankho molimba mtima.

Mlangizi wa zamalonda a ulimi, Kasungu:
Ndikugwirizana ndi mayiwa, koma kwa ine vuto lalikulu ndi mbewu yoti makinawo azigaya. Makina amafuna soya chaka chonse, pamene soya amapezeka wambiri kuyambira April mpaka cha mu July basi. Ngati mulibe posungira komanso ndalama zogulira nthawi yokolola, mamembala anu adzagulitsa kwa mavenda amene amalipira pompopompo (sindikuwaweruza, fizi ya ana siidikira komiti), ndipo makina adzangokhala mwezi ndi mwezi chiwongoladzanja chikukwera. Muike chaka chimodzi cha chilala mwa zisanuzo. Mu March 2024, chifukwa cha chilala chobwera ndi nyengo ya El Niño, maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi, ndiye pulani yoganiza kuti mvula idzagwa bwino zaka zisanu zotsatizana ndi maloto chabe.

Pamene ine AI imandithandiza kwambiri ndi poiuza kuti ikhale ngati mkulu woona za ngongole kubanki amene akufuna zifukwa zokanira pempho langa. Mafunso ake amakhala akuthwa kuposa mayankho ake. Komabe zina muyenera kuiuza nokha, monga chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, lamulo loti mafuta ophikira aziwonjezeredwa vitamini A, kuthimathima kwa magetsi, ndiponso kuti phindu lalikulu la soya limakhala m'keke (zotsalira za soya akachotsamo mafuta) yomwe amagula opanga chakudya cha nkhuku.

Mlembi wa SACCO, Mzuzu:
Ndingowonjezera kuti poika mabukuwo muchotse mayina a mamembala, manambala a foni ndi a ziphaso zaunzika. Lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la 2024 likutikhudza tonse, ndipo kuwerengera kwanu kukungofuna ziwerengero za gulu lonse.

Manijala wa kopaletivu, Mchinji:
Zikomo nonse. Ndatsatira malangizo anu, ndipo nditaika chiwongoladzanja chimene banki yathu yandiuza, zaka ziwiri zija zasanduka zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka cha chilala chikabwera koyambirira tikulephera kubweza ngongole. Zaonekanso kuti soya amene timagula panopa angayendetse makinawo miyezi inayi yokha pachaka. Ndipita kukomiti ndi ganizo loti tiyambe ndi nyumba yosungiramo mbewu, ndipo za makina tidzazionenso m'chaka chachitatu ngati matani athu awirikiza kawiri. Chomwe ndikufunsabe n'chakuti, kodi alipo pano amene anagwiritsapo ntchito malisiti osungitsira mbewu a ACE (Agricultural Commodity Exchange for Africa, bungwe loyendetsa msika wa mbewu) ngati chikole kubanki, kuti andiuze ndalama zosungitsira ndi nthawi imene ngongole imatenga kuti ituluke? Ndikufuna kuika manambala amenewo Lachinayi lisanafike.