Agalu anga avutika ndi kutentha, ndithandizeni nzeru

Abale anga oweta agalu, ndili ndi khola kuno ku Mangochi. Ndimaswetsa ma German Shepherd komanso kusunga agalu a anthu akamapita kutali. Dzuwa la Okutobala lino latikwana. Kholali ndi lamalata, ikamakwana 11 koloko simenti imakhala ikuwotcha, agalu ali wefuwefu malilime panja, phala la madeya ndi usipa osalikhudza n'komwe mpaka madzulo. Wina akuyamwitsa ana, ndipo mkaka wachepa.

Kodi ndifolere udzu pamwamba pa malatawo, kapena udzuwo ungondiitanira nkhupakupa? Zadzaza kale m'makutu mwawo. Nanga kuwathira madzi masana n'kwabwino? Ondidetsa nkhawa kwambiri ndi agalu a anthu amene ndikusungawa, chifukwa eni ake sangamve zoti kunatentha galu wawo akadwala.